Mchenga Ukafiira M'thanki ya Makorali

Zimayamba ndi kadontho kofiirira pamchenga, kuseri kwa mwala kumene madzi sayenda kwenikweni. M'mawa mwake kadontho kaja kakula ngati chikhatho. Sabata ikamatha, mchenga umene unali woyera mbee wafunda chinsalu chofiira psuu, choterera, chokhala ndi timathovu ta mpweya pamwamba, ndipo chayamba kukwera miyala kulunjika kumene kuli makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zimene zimamanga zigoba zolimba ngati miyala. Oweta nsomba za m'madzi amchere amangoti cyano, kufupikitsa dzina lakuti cyanobacteria. Ndi ochepa amene anasungapo thanki yaing'ono ya makorali osakumana nayo, makamaka m'chaka choyamba thanki isanakhwime.

Munthu akaona zimenezi mtima umathamangira ku mankhwala, kuti athire zithe lero lomwe. Mankhwalawo alipo, ndipo ndifika pa iwo. Koma nthawi zambiri mchenga umayera kwa milungu itatu kapena inayi, kenako kufiira kuja kumabwerera, ndiponso kumabwerera pamalo omwe aja pamene panayambira kadontho koyamba. Malowo akukuuzani kanthu. Cyano imamera pamene litsiro lagona, ndipo nkhani yonse yosefa madzi m'thanki yaing'ono ili pa funso limodzi: chakudya chimene mumathira tsiku ndi tsiku, chikadyedwa n'kusanduka ndowe, chimatulukira pati?

M'masitolo a nsomba mumva akuitcha ndere yofiira, koma si ndere ayi. Ndi mabakiteriya amene amadzipangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, monga zimachitira zomera. Ali m'gulu la zamoyo zakale kwambiri padziko lapansi. Ndi iwowa amene anayamba kudzaza mlengalenga ndi mpweya wa okosijeni zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo, ndipo mpaka lero ku Shark Bay, kumadzulo kwa Australia, kuli milu yooneka ngati miyala yotchedwa stromatolite imene akuimangabe pang'onopang'ono m'madzi osaya. Chamoyo chopirira chonchi simungachitsekere kunja. Chinalowa kale m'thanki yanu, chinabwera ndi miyala, ndi mchenga, ndi kachidutswa ka korali kamene munagula. Thanki iliyonse ili ndi cyano. Imene ikuoneka yoyera ndi imene cyano yake yapanikizidwa ndi zamoyo zina mpaka kusowa popondera.

Kufiirako kumachokera ku utoto wachilengedwe wotchedwa phycoerythrin, umene umathandiza mabakiteriyawa kugwira kuwala kumene chlorophyll, utoto wobiriwira wa zomera, payokha siigwira bwino. Mitundu ina ili ndi utoto wina wotchedwa phycocyanin, choncho imaoneka yobiriwira modera, mwinanso yakuda bii. Ndiye musamadalire mtundu pozindikira. Chinanso chofunika kuchisunga m'mutu n'chakuti mitundu ingapo ya cyano imatha kutenga nayitrojeni kuchokera mumpweya umene wasungunuka m'madzi, zimene ndere ndi makorali sangachite paokha. Mfundo imeneyi tiipezanso kutsogoloku, chifukwa ndi imene imasokoneza anthu ambiri.

Kuipa kwake si maonekedwe okha. Chinsalu chija chikafunda korali chimaitsekera kuwala. Masana chimatulutsa okosijeni, ndiye timathovu tija, koma usiku chimaupuma, ndipo pansi pake pamakhala popanda mpweya mpaka mnofu wa korali kufa. M'nyanja zenizeni muli nthenda ya makorali yodziwika ndi mzere wakuda umene umayenda pa korali n'kumasiya chigoba choyera m'mbuyo mwake. Anaifotokoza koyamba Arnfried Antonius mu 1973 ku nyanja ya Caribbean, ndipo cyanobacteria ndi mbali yaikulu ya mzere wakudawo. Mitundu ina ili ndi poizoni. Ku Moreton Bay, pafupi ndi Brisbane, mtundu wotchedwa Lyngbya majuscula wakhala ukuwaula khungu la asodzi, ndipo mu 2020 boma la Botswana linalengeza kuti njovu zoposa 300 zimene zinafa m'dera la Okavango zinaphedwa ndi poizoni wa cyanobacteria ya m'madzi akumwa. Si cyano iliyonse ya m'thanki imene ili ndi poizoni, koma ndi maso okha simungasiyanitse. Valani magolovesi, ndipo paipi yokokera madzi musaiyambitse ndi pakamwa.

Musanachite chilichonse tsimikizani kuti ndi cyanodi, chifukwa pali zinthu zina ziwiri zofanana nayo zimene zimafuna chithandizo chosiyana. Choyamba ndi ma diatom, fumbi lofiirira ngati dothi limene limakuta mchenga ndi galasi m'milungu yoyambirira ya thanki yatsopano. Amenewa amadya silicate, chinthu china chosungunuka m'madzi, ndipo ikatha amatha okha, nkhono zimawakondanso. Chachiwiri ndi ma dinoflagellate, amene oweta amangoti ma dino, ndipo awa ndi ovuta kuposa cyano. Amaoneka ngati mamina ofiirira okhala ndi tizingwe totalika tonyamula thovu kunsonga. Cyano mukaipopera madzi imasendeka ngati chikopa, chidutswa chonse pamodzi, pamene ma dino amangomwazika. Kuyesa kosavuta ndi uku: tengani pang'ono m'botolo ndi madzi a m'thanki, khutchumulani kwambiri, sefani pa pepala lopukutira m'manja, ndipo madzi osefedwawo muwasiye poyera kwa ola limodzi kapena awiri. Mukapeza tayambanso kusonkhana timizere tofiirira, ndi ma dino, chifukwa iwo amasambira n'kupezananso. Amene ali ndi maikulosikopu, ngakhale yotchipa ya ana asukulu, aona kusiyana msanga: cyano ndi timaulusi tatitali, ma dino ndi timadontho tozungulirazungulira. Izi n'zofunika chifukwa zimene anthu ambiri amachita polimbana ndi cyano, zoyeretsa madzi mpaka asatsale ndi kalikonse, ndi zomwezo zimene zimaitana ma dino.

Tsopano tione chifukwa chake thanki yaing'ono imavuta. Amene anawetapo mbuna za m'nyanja ya Malawi, nsomba zimene zili m'mathanki a anthu padziko lonse, amadziwa kuti zimapirira zambiri malinga madzi akusinthidwa. Makorali sali choncho. Titenge thanki ya malita 60. Mukaikamo miyala ndi mchenga, madzi enieni amatsala malita pafupifupi 50. Lita imodzi yokha ikauluka ndi kutentha, mchere suuluka nawo, ndiye kuchuluka kwake kumakwera kuchoka pa 35 ppt (magawo 35 pa 1,000 alionse) kufika pafupifupi 35.7. N'chifukwa chake madzi ouluka timawabwezera ndi madzi opanda mchere, tsiku lililonse. Nkhono imodzi ikafera kuseri kwa mwala, m'thanki ya malita 500 palibe angadziwe, koma m'malita 50 ndi phwando la mabakiteriya. Cholakwika chilichonse chimakula msanga chifukwa palibe madzi ambiri oti achisungunule.

Chakudya chikalowa m'thanki chimayenda njira ziwiri. Nayitrojeni wake amatuluka m'nsomba ngati amoniya, amene ndi poizoni. Mabakiteriya okhala pamiyala ndi mumchenga amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, imene siipweteka kwambiri. Mkatikati mwa timabowo ta miyala, mmene okosijeni ndi wochepa, muli mabakiteriya enanso amene amasandutsa nitrate ina kukhala mpweya n'kuuluka. Phosphate, imene imachokeranso m'chakudyacho, ilibe khomo lotere. Ikalowa yalowa, mpaka inuyo muitulutse. Komanso imakakamira pa miyala ndi mchenga wa m'thanki, zimene ndi calcium carbonate, ndipo mukaichepetsa m'madzi miyala ija imayamba kubweza imene inasunga. Ndiye munthu amasintha madzi lero, kuyeza mawa n'kupeza phosphate yabwerera pomwe inali, n'kumaganiza kuti choyezera chake chawonongeka. Miyala yakale yochokera m'thanki imene sinkasamalidwa ingathe kubweza phosphate kwa miyezi.

Apa ndi pamene pali msampha waukulu. Munthu ali ndi cyano thanki yonse, wayeza nitrate wapeza 0, wayeza phosphate wapeza 0, ndiye akudabwa kuti ikudya chiyani. Choyezera chimangoona zimene zikuyandama m'madzi. Cyano yagona pamchenga penipeni, pamwamba pa litsiro limene likuwola, ndipo ikudya zotuluka m'litsirolo zisanafike n'komwe m'madzi. Ziro ameneyo sakutanthauza kuti thanki ilibe chakudya cha cyano. Akutanthauza kuti cyano yafika poyamba.

Ndiye munthu uja, poganiza kuti madzi sanayerebe mokwanira, amawonjezera zosefera, kuchepetsa chakudya cha nsomba, kusintha madzi kawirikawiri. Amene amayamba kuvutika ndi njala ndi makorali, chifukwa tindere ting'onoting'ono timene timakhala mkati mwa mnofu wawo, totchedwa zooxanthellae, timafuna nayitrojeni ndi phosphate pang'ono kuti tikhale moyo. Ndere zabwino ndi mabakiteriya ena opikisana ndi cyano nawonso amafooka. Imene imatsala ili bwino ndi cyano yomweyo, makamaka mitundu ija yotha kutenga nayitrojeni mumpweya. Wasayansi Alfred Redfield anaonetsa kuti m'tizamoyo ta m'nyanja nayitrojeni ndi phosphorus zimapezeka pa muyezo wa pafupifupi 16 kwa 1. Oweta ena amalimbana kuti thanki yawo ifike pa nambala imeneyi ndendende. Ine sindiona phindu lake, popeza muyezowo unali wa tizamoyo ta m'nyanja yaikulu, osati wa madzi a m'kabokosi ka galasi. Phunziro lake lokha n'lakuti zonse ziwiri ziyenera kupezekamo. Oweta ambiri amasunga nitrate pakati pa 2 ndi 10 ppm (magawo pa miliyoni imodzi), phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Ngati nitrate yanu ili pa ziro weniweni kwa milungu, kudyetsa nsomba mowonjezera pang'ono kapena kuchepetsa zosefera kungathandize kuposa kuwonjezera, ngakhale zikumveka zotembenuka.

Palinso chakudya china chimene zoyezera wamba siziona konse: zinthu zosungunuka zochokera ku zamoyo, monga shuga ndi ma amino acid. Ena amathira viniga kapena vodka pang'ono m'thanki kuti adyetse mabakiteriya odya nitrate. Njirayi imagwira ntchito, koma cyano nayonso ndi bakiteriya ndipo imadya nawo. Chimodzimodzi zakudya zamadzimadzi za makorali. Ngati mukuthira zoterezi ndipo cyano yatulukira, siyani kaye.

Tibwerere pa kadontho kaja kuseri kwa mwala. Panayambira pamenepo chifukwa ndi pamene madzi amafika atatopa n'kutula katundu wawo. Kuyenda kwa madzi ndiko kusefa koyamba, chifukwa litsiro limene silinanyamuke silingafike pa sefa iliyonse. M'thanki ya makorali madzi ayenera kuzungulira kuwirikiza kuchuluka kwa thankiyo maulendo 20 mpaka 40 pa ola, kutengera mtundu wa makorali. Pa malita 60 ndiye kuti malita 1,200 mpaka 2,400 pa ola. Pampu imene imabwera ndi thanki nthawi zambiri siifika pamenepo, choncho pamafunika kapampu kena kamkati kokankha mafunde. Koma mphamvu yokha siikwanira, nkhani ndi kumene madziwo akupita. Thirani chakudya pang'ono ndipo muchitsate ndi maso mpaka pamene chikukagwera. Pamenepo ndi pamene ndowe zonse zimagweranso. Tembenuzani pampu kuti mafunde adutse pamenepo osakumba mchenga, ndipo ngati miyala yatsamira galasi lakumbuyo, isunthireni kutsogolo pang'ono kuti madzi azidutsa kuseri.

Litsiro likanyamuka limakakodwa pa thonje losefera, siponji kapena sokosi yosefera. Apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ndi pamene mathanki aang'ono ambiri amalakwira. Sefa siichotsa litsiro m'thanki. Imangolisonkhanitsa pamalo amodzi, ndipo malowo ali m'madzi omwewo, pamene madzi odzala ndi okosijeni akudutsa usana ndi usiku. Palibe malo abwino owolerapo kuposa amenewo. Thonje limene lakhala milungu iwiri lasanduka fakitale ya nitrate ndi phosphate. Litsiro limatuluka m'thanki tsiku limene dzanja lanu latulutsa thonjelo n'kulitaya. Ndiye lisintheni pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo pa nthawi imene mukulimbana ndi cyano, ngakhale tsiku lililonse. Thonje ndi lotchipa, ndipo ndimalikonda kuposa siponji pa chifukwa chimodzi: siponji munthu amaifinya pang'ono n'kuibwezera, zambiri zili momwemo.

Mathanki aang'ono ambiri a masiku ano ali ndi tizipinda kumbuyo, mmene mumakhala pampu, hita ndi zosefera. Walitsani tochi pansi pa tizipinda timeneti. Kawirikawiri mupeza matope ofiirira okhuthala ngati phala, amene akhala akuunjikana kuyambira tsiku limene thanki inayamba. Akokeni ndi paipi kamodzi pamwezi. Timipira tapulasitiki ndi timiyala tadongo timene amagulitsa kuti mabakiteriya azikhalamo nato timagwira matope omwewa. M'thanki yokhala ndi miyala yokwanira ya m'nyanja, ntchito yosandutsa amoniya ikuchitika kale pamiyalapo, ndipo timipirati tingachotsedwe, koma pang'onopang'ono pa milungu ingapo, osati tonse tsiku limodzi.

Skimmer ndi chida chimene chimatulutsa litsiro m'madzi lisanawole. Imapopera timathovu tambirimbiri m'chubu, zinthu zosungunuka zija zimakakamira pa timathovuto, ndipo thovu limakwera n'kukagwera m'kapu ngati madzi akuda onunkha. Kudalira miyala ya m'nyanja, skimmer ndi mafunde amphamvu ndi njira imene oweta amaitcha ya ku Berlin, ndipo ndi maziko a mathanki ambiri mpaka lero. Pa thanki ya malita 60 skimmer si yokakamiza, popeza kusintha madzi sabata iliyonse kungagwire ntchito yomweyo. Ubwino wake wina, umene anthu amaiwala, ndi kulowetsa mpweya m'madzi. Makala osefera, amene ndi okonzedwa mwapadera osati ophikira, amayamwa zinthu zodetsa madzi ndi poizoni wina. Atsukeni musanaike, ndipo muziwasintha pafupifupi mwezi uliwonse. GFO, timchenga tofiirira ta chitsulo, imayamwa phosphate mwamphamvu kwambiri moti m'thanki yaing'ono ndi yosavuta kupitirira nayo muyezo. Phosphate ikagwa mwadzidzidzi makorali amatuwa, ena amasupuka mnofu. Igwiritseni ntchito pokhapokha phosphate ili pamwamba ndithu, ndipo yambani ndi theka la zimene zalembedwa pa paketi.

Njira imene ine ndimaikonda ndi kudzala ndere ya Chaetomorpha m'kachipinda kamodzi kakumbuyo, n'kuiikira kanyale kake koyaka usiku nyale yaikulu ikazima. Ndereyi imaoneka ngati waya wobiriwira wotsukira mapoto. Imadya nitrate ndi phosphate, imapikisana ndi cyano, imasunga tizilombo ting'onoting'ono timene nsomba zimadya, ndipo poti imayamwa mpweya wa carbon dioxide usiku, pH (muyezo wa asidi m'madzi) siitsika kwambiri kukamacha. Koma lamulo lija la thonje likugwiranso ntchito apa. Ndere ikakula muyenera kuthothola ina n'kutaya, apo ayi zimene yadya zikadali m'thanki.

Madzi amene mukuthira nawonso afufuzeni. Madzi a pampopi kapena a pamjigo angakhale abwino kumwa koma atanyamula nitrate, phosphate, silicate, klorini kapena zitsulo. Mukamabwezera madzi ouluka ndi madzi oterewa, madzi amauluka koma katundu wawo amatsala, tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake oweta makorali amagwiritsa ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO/DI ochotsa pafupifupi chilichonse chosungunuka m'madzi, ndipo kachida koyezera zosungunukazo (TDS) kayenera kuonetsa 0. Nambala ikayamba kukwera, zosefera za makinawo zatha ntchito. Ngati mumagula madziwo, ayezeni nokha. Pa chakudya sindichulukitsa mawu: nsomba ziwiri za clownfish ndi ka goby kamodzi n'zokwanira pa malita 60, zipatseni zimene zingamalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo chakudya chozizira cha mufiriji muzichisungunula n'kutaya madzi ake musanathire.

Kuwala anthu amakuda kwambiri kuposa mmene kumalakwira. Kumathandiza cyano kukula, inde, koma sikuipatsa nayitrojeni kapena phosphate. Maola 8 kapena 9 patsiku ndi okwanira. Ngati dzuwa la pawindo limagunda thanki, tsekani katani. Ngati nyale yanu ndi ya LED yotha kusintha mitundu, chepetsani kuwala koyera ndi kofiira kwa kanthawi. Machubu a nyale a mtundu wa T5 amafooka ndi kusintha kuwala akamakalamba, ndipo ambiri amawasintha pakatha chaka.

Zonsezi zikakonzedwa, chotsani cyano yeniyeniyo ndi manja. Nthawi yabwino ndi madzulo nyale isanazime, pamene chinsalu chija chakhuthala, chifukwa usiku chimachepa n'kubwereranso masana. Zimitsani mapampu, tengani kapaipi kakang'ono, ndipo kokerani chinsalucho m'ndowa pamodzi ndi mchenga wapamwamba pang'ono. Osangochipopera kuti chibalalike, chifukwa kachidutswa kalikonse kakagwera pena kamayambanso. Chidutswa chilichonse chimene mwatulutsa chapita ndi nayitrojeni ndi phosphate zimene chinadya, ndiye cyano yomweyo yasanduka sefa yanu. Ngati simukufuna kutaya madzi ambiri, asefeni pa sokosi yosefera n'kuwabwezera. Chitani zimenezi masiku awiri aliwonse. Pa sabata sinthani madzi 10 mpaka 15 pa 100 alionse, ndipo musanakoke madziwo, poperani m'mabowo a miyala kuti fumbi lituluke. Mudabwa ndi kuchuluka kwake. Mchenga muziutsuka chigawo chimodzi sabata ino, china sabata yamawa. Mchenga wakuya umene wakhala nthawi yaitali osagwedezedwa ungakhale ndi malo akuda onunkha ngati dzira lowola, ndipo mpweya umenewo ukatuluka wonse nthawi imodzi ungaphe nsomba.

Musayembekezere kuti nkhono zikugwirirani ntchitoyi. Zambiri siziidya cyano. Za mtundu wa Cerith ndi Nassarius zimathandiza m'njira ina, potembenuza mchenga kuti litsiro lisagone. Nkhono zazikulu za Strombus zimafuna bwalo lalikulu la mchenga, ndipo m'thanki yaing'ono zimatha kufa ndi njala, n'kusanduka vuto lomwe munazigulira.

Cyano ikakanika, pali njira yozimitsa kuwala masiku atatu. Mumayamba mwakoka yonse imene mungathe, kenako kuzimitsa nyale n'kuphimba galasi ndi makatoni kapena nsalu, koma pamwamba posatseka kuti mpweya uzilowa. Makorali athanzi amapirira masiku atatu amdima, monga amachitira kunyanja kukachita mitambo ndi namondwe. Mapampu ndi skimmer zisazime, thonje lisinthidwe tsiku lililonse, ndipo pa tsiku lachinayi nyale iyambe ndi theka la mphamvu yake. Njirayi imagwetsa cyano pansi, koma ngati matope aja a kuseri kwa mwala akadalipo, idzadzukanso.

Tsono mankhwala. Poti cyano ndi bakiteriya, mankhwala opha mabakiteriya monga erythromycin amaipha. Palinso ogulitsidwa m'masitolo a nsomba, odziwika kwambiri ndi Chemiclean. Amagwiradi ntchito, nthawi zambiri m'masiku awiri. Ngozi yake ili pa mpweya: cyano yochuluka ikafa nthawi imodzi, kuwola kwake kumamwa okosijeni, ndipo nsomba zimene zimafa pa nthawi yotere kawirikawiri zimafa ndi kubanika. Choncho kokani yambiri musanathire, ikani kamwala kotulutsa thovu la mpweya, chotsani makala osefera chifukwa amayamwa mankhwalawo, ndipo dziwani kuti skimmer isefukira. Pakatha maola 48 sinthani madzi pafupifupi 20 pa 100 alionse n'kuika makala atsopano. Tsatirani muyezo wa pa paketi powerengera madzi enieni, malita 50 aja osati 60. Mankhwala a anthu a kuchipatala ine sindivomereza kuti azithiridwa m'thanki. Sasankha bakiteriya woti aphe, ndipo madzi ake akatayidwa m'ngalande amawonjezera vuto la mabakiteriya osamva mankhwala, limene likuvutitsa kale zipatala. Nthawi imene ndimaona kuti mankhwala a m'sitolo ndi oyenera ndi pamene makorali akufundidwa mofulumira kuposa mmene mungawavundukulire. Pamenepo apulumutseni kaye. Koma kumbukirani kuti chilichonse chimene cyano inadya chabwerera m'madzi, ndipo malo amene yasiya ali pululu. Ngati nitrate ndi phosphate zili pa ziro, olowa m'malomo nthawi zambiri ndi ma dino.

Kwa amene tikukhala kumene magetsi amazimazima, pali chenjezo lapadera. Thanki yaing'ono mapampu akaima imayamba kuperewera mpweya m'maola ochepa, ndipo ngati muli cyano yambiri kapena mwangothira mankhwala, nthawiyo imafupika kwambiri. Musayambe mankhwala kapena masiku atatu amdima mulibe kapampu ka mpweya ka mabatire. Si zachilendonso kuona cyano ikutulukira patapita masiku ochepa magetsi atazima nthawi yaitali, chifukwa litsiro lonse limene linkayandama linagwa pansi, ndipo zamoyo zina zing'onozing'ono zinafa. Magetsi akabwera, poperani miyala ndi mchenga, n'kusintha thonje tsiku lomwelo.

Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi kudziletsa. Munthu wokhumudwa amasintha nyale, pampu, chakudya, GFO ndi mankhwala sabata imodzi, ndipo zikayenda kapena zikaipa sadziwa chimene chachititsa. Sinthani chimodzi kapena ziwiri, lembani m'kope tsiku ndi nambala zimene mwayeza, ndipo dikirani milungu iwiri musanasinthe china. Kutentha kukhale pa madigiri 25 kapena 26, mchere pa 35 ppt, osakwerakwera ndi kutsikatsika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'thanki ya makorali mwambiwu umachitika weniweni pamaso panu. Mabakiteriya ndi tizamoyo topikisana ndi cyano timafuna milungu, nthawi zina miyezi, kuti tikhazikike pamchenga, makamaka ngati thanki inayamba ndi miyala youma yopanda zamoyo.

Kuchira kwake sikubwera tsiku limodzi. Mudzaona kuti pamene munakoka dzulo sipanafiire lero monga kale, kuti chinsalu chayamba kupyapyala ndi kung'ambikang'ambika, kuti pamene munkakoka masiku awiri aliwonse tsopano mukukoka kamodzi pasabata. Kadontho ka kuseri kwa mwala ndi kamene kamatsala komaliza. Ndiye tsiku lina mudzaona timadontho tina tofiirira, mwina tapinki, pagalasi lakumbuyo ndi pa pampu, ndipo mtima udzagunda. Tikhudzeni ndi chala. Tikasendeka moterera, ndi cyano, tengani paipi. Tikakhala tolimba ngati penti youma, tosachoka mpaka mutapala ndi lumo, imeneyo ndi ndere ya coralline, imene imamanga chigoba cha laimu ndipo imakula madzi akakhazikika. Imeneyo isiyeni ifalikire pamiyala, muzingoipala pagalasi lakutsogolo.